Galasi la foni likukuliranji?

Pamene kampani ya Apple inatulutsa iPhone yoyamba mu 2007, galasi lake linali la mainchesi 3.5 okha. Mu 2010 Steve Jobs, mkulu wa kampaniyo, ananyoza mafoni akuluakulu a anzake, nati palibe amene angagule chinthu chosakwana m'dzanja. Ogula anamutsutsa ndi ndalama zawo. Samsung itatulutsa Galaxy Note ya mainchesi 5.3 mu 2011, ambiri anaiseka, koma inayenda malonda. Mu 2014 Apple nayo inagonja, nitulutsa iPhone 6 Plus ya mainchesi 5.5. Inayesa kubwerera ku kakang'ono ndi iPhone 12 mini mu 2020, koma ogula anachepa, ndipo pofika 2023 inasiya kugulitsa mtundu wa mini.

Ena amati kukonda foni yaikulu ndi matama chabe. Mawuwa amaiwala munthu amene chida chake ndi chimodzi chokhacho. Wogwira ntchito mu ofesi ku London ali ndi kompyuta patebulo ndi wailesi yakanema pabalaza. Kwa ambiri a ku Dedza, Chipata kapena Tete, zonsezo zili m'foni imodzi. N'chifukwa chake Tecno, Itel ndi Infinix, mafoni a kampani ya Transsion ya ku Shenzhen amene adzaza m'misika ya kuno, amabwera ndi galasi loposa mainchesi 6, ngakhale otsika mtengo.

Agogo amene mdzukulu wawo anabadwira ku Johannesburg amamudziwira pa WhatsApp, ndipo nkhope ikamaoneka bwino m'pamene amatha kunena kuti mphuno yatengera kwa ndani. Mkulu wa mpingo amene maso ayamba kuchita chidima amakulitsa zilembo kuti awerenge Buku Lopatulika. Wophunzira wopanda mabuku amawerengera pomwepo mpaka usiku. Wamalonda wotumiza ndalama pa Airtel Money amafuna aone nambala iliyonse bwinobwino, pakuti kuphonya imodzi n'kupatsa mlendo phindu la sabata yonse.

Palinso nkhani ya magetsi. Foni yaikulu imakhala ndi malo a batire lalikulu, nthawi zambiri la 5,000 mAh. Mu 2024, madzi atachepa pa damu la Kariba, mabanja ambiri ku Zambia ankatha pafupifupi tsiku lonse magetsi ali ozima, ndipo batire lokhalitsa linali lofunika kuposa kukongola kwa foni.

Komabe walira mvula walira matope. Foni yaikulu siikwana m'thumba, imasuzumira kunja ngati ikuitana wakuba pa depoti ya minibasi. Mayi wobereka mwana, dzanja lina litagwira dengu, sangalembe uthenga ndi chala chimodzi. Ikagwa, galasi ndilo limayamba kusweka, ndipo kulisintha kumadya ndalama zambiri, mwakuti ena amapirira ming'alu miyezi ingapo.

Amanja ang'onoang'ono, ndi ena onse okonda foni yopepuka, atsala opanda chosankha chenicheni. Msika watsata unyinji, ndipo unyinjiwo ndi wa anthu amene amawerenga, kugulitsa malonda ndi kuonana ndi abale awo akutali pa galasi limodzi lomwelo.