R350 imene ndinkainyoza

Mu 2020 ndinali ndi kasitolo ka spaza ku Johannesburg. Mliri wa korona utatseka ntchito, Pulezidenti Cyril Ramaphosa analengeza mu April kuti boma liika R500 biliyoni yodzutsira chuma. M'ndalamazo munali R350 pamwezi ya anthu osowa ntchito.

Ine ndinali mlaliki wa otsutsa. Pakauntala ndinkauza aliyense kuti boma likuweta ulesi. Dziko litakongola madola 4.3 biliyoni ku IMF mu July, ndinachita kuwomba m'manja kuti ndanena ine. M'mawa ndinkaseka mizere ya olandira R350 ku positi ofesi, madzulo n'kumawerenga ndalama zomwe anthu a pamzerewo asiya pogula ufa, buledi, sopo ndi parafini. Ndinali pamsana pa njovu, ndikumati kunja kulibe mame.

Mkangano woti thandizoli lipitirire utakula mu 2021, ine ndinkati lithe basi. Poyesa kuti malonda akuyenda chifukwa cha nzeru zanga, ndinatenga katapila n'kugula firiji yachiwiri, katundu mpaka kudenga.

Thandizo linatha kumapeto kwa April. Tsiku lina mayi wina, kasitomala wanga wakalekale, ananyamula thumba la ufa. Anatambasula chikhatho n'kuwerenga ndalama zachitsulo, kenako n'kubwerezanso kuwerenga. Thumbalo analibweza pashelefu mwaulemu, osandiyang'ana kumaso. Ndinamuitana n'kumulembera m'kope la ngongole. Pofika June kopelo linali litadzaza, m'kabati muli mbee. Ulova nthawi imeneyo unali pa 34.4 peresenti, ndipo makasitomala anga anali malova omwewo.

Mwini katapila sanafune kumva za chuma cha dziko. Firiji ndinaigulitsa motaya, katundu wotsala anatenga ndi iyeyo. Ndalama yotumiza kumudzi ku Mangochi inaduka. Mwana wanga wamkazi anabwezedwa kusukulu ali Fomu 3 chifukwa cha fizi, ndipo amayi anagulitsa mbuzi zawo kuti agule chimanga. Pamene boma linkabwezeretsa R350 mu August, chitseko changa chinali ndi loko wa eni nyumba.

Ngongole ya boma ndi nkhani yeniyeni, ikambidwe ndithu. Koma iwe wamalonda mnzanga, usanafuule kuti lova asapatsidwe kanthu, yamba wafunsa kuti ndalama ili m'kabati mwakoyo yachokera m'thumba la yani.