Kalata kwa mwana wanga: usamate chubu usanadziwe chachiboola

Mwana wanga wokondedwa,

Amayi ako andiuza kuti njinga ikukusowetsa mtendere kumeneko ku Dedza: wamata chubu lero, mawa tayala laphwanso, mpaka azimayi amakudikira kusikelo iwe uli panjira kukankha njinga. Akuti waganiza zoigulitsa. Usafulumire, mwana wanga. Njinga yamagiyayo anaipangira misewu ngati yakoyo, yamiyala ndi zitunda. Tayala likamaphwa kawirikawiri, pali chinthu chimene chikuboola chubu, ndipo chikadali pomwepo chifukwa aliyense akungomata osafufuza kuti bowolo labwera bwanji. Bowo lililonse limaulula chimene chalichititsa, bola ulionetsetse.

Likadzaphwanso, usathamangire kusolola chubu. Yamba walemba chizindikiro ndi choko pa tayala, pamene pali valavu. Ukachotsa chubucho uchipope pang'ono, n'kumachiviika m'beseni la madzi chigawo ndi chigawo mpaka uone pamene pakutuluka thovu. Kenako uchigoneke pamwamba pa tayala, valavu ili pa chizindikiro chija. Bowolo likulozera malo oyenera kufufuza. Ngati waiwala mbali imene chubu chinagonera, uyang'ane uku ndi uku kwa valavu pamtunda wofanana.

Bowo likakhala limodzi, laling'ono, ndipo lili kumsana kwa chubu, mbali imene imayang'ana pansi, ndiye kuti chinachake chalowa kuchokera kunja. Nthawi zambiri umakhala munga wa mthethe kapena wa msangu, kachidutswa ka botolo, kapena kawaya kochokera m'matayala akutha a malole, kamene kamagwa m'mbali mwa msewu wa M1. Munga umathyokera m'mphira, kunja osaoneka chilichonse, koma nsonga yake imatuluka m'kati tayala likapondedwa. N'chifukwa chake chubu chatsopano chimabookanso tsiku lomwelo. Utembenuze tayalalo, ulipinde pamalopo kuti mphira itseguke, ndipo uyendetse kansalu kapena thonje m'kati monsemo. Pamene kansalu kakodwa, mdani wako ali pomwepo. Usayambe ndi chala, waya angakucheke. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiye uzungulire tayala lonse, pakuti minga siikhala umodzi nthawi zonse.

Ukapeza timabowo tiwiri toyandikana, ngati pamene paluma njoka, usafunefune munga. Pamenepo mpweya unali wochepa. Unagunda mwala kapena m'mphepete mwa dzenje, tayala linaphwatalala, ndipo limu inapana chubu n'kuchidula mbali ziwiri. Ine ndikuganizira kwambiri zimenezi, chifukwa pakaliyala pako sipasowa katundu: bokosi la katemera, sikelo ndi mabuku olembamo ana. Kulemera konseko kumagwera tayala lakumbuyo. Uyang'ane m'mbali mwa tayala, analembapo manambala a PSI osonyeza mpweya wochepa ndi wochuluka umene tayalalo limalola. Usatsike pansi pa nambala yaing'onoyo, usapitirirenso yaikuluyo, ndipo lakumbuyo uzilipopa molimbirapo kuposa lakutsogolo. Ngati pampu yako ilibe geji, ukwere njingayo ndi katundu yense, wina akuonere: tayala likamafutukuka kwambiri m'mbali, wonjezera mpweya. Chubu chimataya mpweya pang'onopang'ono ngakhale chilibe bowo, choncho uzipopa sabata iliyonse. Potsetsereka pamiyala uzidzuka pang'ono pachishalo, mawondo ndi amene azilandira kugundako.

Nanga bowo likakhala kumimba kwa chubu, mbali yoyang'ana masipoko? Pamenepo tayala lilibe mlandu. M'kati mwa limu mumazungulira kalamba kophimba mitu ya masipoko. Kakasuntha, kakang'ambika kapena kakauma, mutu wa sipoko kapena m'mphepete mwa bowo lake mumakhula chubu mpaka kubooka. Sipoko imene anaika yaitali posinthitsa yothyoka imachitanso chimodzimodzi, ndipo imafunika kuipala nsonga. Okonza njinga ambiri amadula chubu chakale n'kuika ngati kalamba. Zimathandiza pa limu wamba, koma ngati limu yako ndi ija yokhala ndi mabowo akuya m'kati, mphira yofewa imalowa m'mabowomo mpweya ukakankha. Imeneyo imafuna tepi yolimba, yansalu kapena yapulasitiki, yokwana bwino m'lifupi mwa limu. Uchotsenso dzimbiri lililonse limene ungapeze m'menemo.

Chubu chikang'ambika patsinde pa valavu sichimatika, koma usangogula china osadziwa chifukwa. Tayala lopanda mpweya wokwanira limaseseleka pa limu ukamanga mabuleki, n'kumakoka chubu, valavu n'kupendekeka mpaka kuzuka. Valavu iziima chilili nthawi zonse. Uonenso kuti valavu yake ndi yoyenera limu yako. Ilipo yonenepa, yofanana ndi ya galimoto, yotchedwa Schrader, ndipo ilipo yowonda, yotchedwa Presta. Yowondayo ikalowa m'bowo la yonenepa imagwedera n'kumadyeka. Ngati tayala limaphwa usiku koma bowo silikupezeka, upake malovu pakamwa pa valavu. Akachita thovu, kachitsulo ka m'katimo kamasuka kapena katha, ndipo pa valavu yonenepa n'kosavuta kukamanga kapena kukasintha.

Mabowo ena amabwera ndi manja a wokonza. Sikuludiraiva ndi supuni zimaluma chubu pobwezera tayala, ndiye ugule tizipangizo tochotsera tayala topanda nsonga, ndipo pobwezera uyesetse kugwiritsa ntchito zala zokha. Uyambe wapopa chubu pang'ono kuti chisapindike, ndipo usanapope kwambiri uzungulire mbali zonse ziwiri kuona kuti sichinapanike pakati pa tayala ndi limu. Chikapanika chimaphulika n'kung'ambika motalika. Pomata, upale pamalopo ndi sandipepa mokulirapo kuposa chigamba, upake guluu wochepa, udikire mphindi ngati 5 mpaka asiye kunyezimira, kenako ukanikize chigamba mwamphamvu. Chigamba choikidwa pa guluu wamadzi chimamatuka m'mphepete njinga ikatentha. Pogula chubu, uwerenge manambala a pa tayala, monga 26 x 1.95. Nambala yoyamba ndi kukula kwa gudumu, yachiwiri ndi kunenepa kwa tayala. Chubu cha 27.5 kapena 29 chimapindika m'tayala la 26, ndipo chowonda kwambiri chimatamuka mpaka kupyapyala.

Pomaliza, ulione tayala lenilenilo. Ngati mano ake apakati atha, ulusi wayamba kuoneka, kapena m'mbali mwachita ming'alu, ndalama zogulira zigamba zikungopita pachabe. Ugule tayala lina, ndipo ngati ndalama sizikukwana awiri, uyambe ndi limene latha kwambiri, lomwe nthawi zambiri limakhala lakumbuyo. Miyezi ya chilimwe ino, anthu akamasosa minda amataya nthambi zaminga m'mbali mwa njira. Ukadutsa pamalo otere, utsike, uzunguze magudumu n'kuzula minga isanalowe. M'chikwama musamasowe pampu, chubu chabwino chimodzi, zigamba ndi guluu.

Ndalemba zonsezi chifukwa sindifuna kuti dzuwa lizikulowera uli wekha kutali ndi nyumba, komanso chifukwa mwana amene waphonya katemera mwezi uno amayenera kudikira ulendo wako wina. Ntchito imene ukugwirayo ndi yaikulu, ndipo ife timakunyadira. Chubu chakalecho usataye. Ukamabwera kumapeto kwa mwezi ubwere nacho pamodzi ndi gudumu lakumbuyo, tidzafufuze limodzi kuti udzazolowere kuchita wekha.

Amayi ako ndi abale ako onse akupereka moni. Mulungu akusunge m'maulendo ako onse.

Ndine bambo ako okukonda.