Za Bowa wa m'Njira Yochokera ku Mua Kunka ku Dedza

Munthu wochokera ku Mua kunka ku Bembeke ndi ku Dedza ayamba ulendo wake patsinde pa mapiri, m'dziko lotentha la kufupi ndi nyanja, nautsiriza pamwamba, kumene mphepo izizira ngakhale pa mwezi wa Januwale. Njirayi si yatsopano iyayi, pakuti misyoni ya Mua inamangidwa m'chaka cha 1902 ndi ya Bembeke m'chaka cha 1910, ndipo anthu anali kukwera ndi kutsika mapiriwa kalekale izi zisanamangidwe. Ife taiyenda kawirikawiri pa nyengo ya dzinja, ndipo taona kuti pa ulendo umodzi munthu apyola malo a mitundu itatu, ndi kuti malo alionse ali ndi bowa wakewake, wodyedwa ndi wakupha yemwe. Tsono tifuna kukufotokozerani, abale athu a m'midzi, zimene zimera m'malo amenewa, pakuti chaka ndi chaka timva za mabanja amene anagona m'chipatala chifukwa cha ndiwo za tsiku limodzi.

Malo oyamba ndiwo a kumunsi, a minda ndi zulu ndi mabusa a ng'ombe. Mvula yoyamba ikagwa, amayi alawira mamawa kukayendera zulu zimene azidziwa, nazulako utale, nyonzwe ndi timanda ting'onoting'ono timene timera tambirimbiri pamodzi. Bowa ameneyu mwini wake ndi chiswe, pakuti chiswe chimlima m'nyumba zake pansi pa nthaka, monga ife tilima chimanga. Chifukwa chake utale ndi nyonzwe ali ndi muzu wautali wonka pansi kufikira kumene kuli chiswe, ndipo wozula mosamala auona muzuwo. Koma pa udzu wa pafupi ndi makola ndi m'mabwalo pamera bowa wina woyera, wamkulu ngati mbale, wa mamba pamutu pake, amene alendo ndi ana amuyesa utale. Iyeyu alibe muzu wautali. Tsinde lake lithera pomwepo m'nthaka. Akakula, timizere ta kunsi kwa chipewa chake tisanduka tobiriwira, koma akali wamng'ono timizereto tili toyera, ndipo ndi pamenepo anyenga anthu. Mukadula chipewa chake, ndi kuchivundikira pa pepala loyera usiku wonse, mmawa mupeza fumbi lobiriwira papepalapo. Womudya ayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba asanapite maola atatu, ndipo ana ndi okalamba afooka msanga chifukwa cha kutha kwa madzi m'thupi.

Titachoka kuminda, njira ikwera m'nkhalango ya Mua-Livulezi, ndiwo malo achiwiri. Muno muli mitengo ya makolo athu: mombo, tsamba, mchenga ndi masuku. Pa Januwale ndi Febuluwale tikomana ndi amayi akutsika ndi madengu odzala ndelema, manyame ndi chipindi. Manyame ali ofiira kapena achikasu, a maonekedwe a lipenga, ndipo mizere yake itsikira kutsinde. Ndelema ndi wamkulu, woterera pamwamba, woyera m'mbali ndi woderapo pakati. Atuluka m'thumba loyera longa dzira, ndipo thumbalo litsalira patsinde. M'mphepete mwa chipewa chake muli timizere tating'ono ngati mano a chipeso. Bowa wa m'nkhalango salimidwa m'munda, chifukwa moyo wake uli pa mizu ya mitengo: iye apatsa mtengo madzi ndi zakudya za m'nthaka, ndi mtengo umpatsa chakudya chochokera kumasamba. Kotero pamene pagwetsedwa mombo ndi msuku kuti aotche makala, bowa wa pamenepo athanso.

Tikaima ndi kufunsa amayiwa kuti adziwa bwanji wabwino, sayankha ndi lamulo, koma ndi dzina. Ati, "Uyu ndi ndelema, amera pansi pa mombo, tinayamba kumzula ndi agogo athu." Tikawasonyeza wina amene sadziwa dzina lake, angoti, "Ndi chirombo chimenecho, chisiyeni." Mngelezi wina, dzina lake Brian Morris, amene analemba buku la bowa wa m'Malawi m'chaka cha 1987, anaphunzira zambiri kwa amayi otere, napeza kuti iwo ndiwo eni nzeru imeneyi. Nzeruyi ndi yoona, koma ili ndi malire ake, ndiwo malire a nkhalango imene munthu anakuliramo.

Malirewo tiwapeza pamwamba, pa malo achitatu. Tikapyola minda ya mbatata ya kachewere ya ku Bembeke, tiona phiri la Dedza, lotalika mamita 2,198, ndi mitengo ya paini pa mapewa ake. Paini si mtengo wa kuno. Unabwera pa nthawi ya ulamuliro wa Angelezi kuti upatse anthu matabwa. Ndipo monga mombo uli ndi bowa wake, paini nawo unadza ndi bowa wake pa mizu, amene makolo athu sanamuone konse, ndipo sanamutche dzina. M'minda ya paini ya dziko lino mumera bowa wofiira wokongola, wa mawanga oyera pamutu. Mvula ikagwa kwambiri, mawangawo akokoloka, kufiirako kuzilala, ndipo pamenepo afanana ndi abale a ndelema ofiira ndi achikasu amene adyedwa m'nkhalango. Ku mapiri a kumwera kwa Tanzania anthu odziwa bwino bowa anadwala naye chifukwa cha kufanana kumeneku. Kusiyana kwake kuli patsinde: wodyedwa aima m'thumba, koma wa m'paini ali ndi tsinde lotupa ngati anyezi, lozungulidwa ndi timamba. Womudya achita chizungulire, nabwebweta, nagona tulo tosadzuka msanga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Alipo wina woposa onse kuopsa, amene ana athu opita kukagwira ntchito ku Zimbabwe ndi ku South Africa ayenera kumdziwa. Anachokera ku Ulaya, ndipo amera pansi pa mitengo yachilendo, monga oak ndi paini. Ali ndi thumba patsinde ndi mkanda pakhosi monga ndelema, koma chipewa chake ndi chobiriwira pang'ono, ndipo chilibe timizere ta m'mphepete. Chipewa chimodzi chikhoza kupha munthu wamkulu. Kuipa kwake ndi kuti achedwa: wodyayo akhala bwino maola 6 kufikira 24, ndipo pambuyo pake asanza ndi kutsegula m'mimba kolimba. Tsiku lotsatira aoneka ngati wachira, abale nakondwera. Koma nthawi yomweyo poizoni ali kuononga chiwindi, ndipo patapita masiku owerengeka maso asanduka achikasu, munthu nafa.

M'njira timva mawu ambiri amene anthu adzilimbitsa nawo mtima. Ena ati bowa amene wadyedwa ndi nkhono kapena mphutsi ndi wabwino. Si zoona, pakuti thupi la nkhono si la munthu. Ena ati kumuwiritsa ndi kutaya madzi, kapena kumufutsa ndi kumusunga m'chikwatu, kuchotsa poizoni. Koma poizoni wa bowa woononga chiwindi saopa moto kapena dzuwa. Enanso ati wowawa ndiye woipa. Komatu wakuphayo sawawa konse.

Chifukwa chake tikupemphani izi. Pozula bowa, kumbani ndi tsinde lomwe, pakuti chizindikiro chili pansi. Bowa amene akali dzira, asanatambasuke, musiyeni, chifukwa pa msinkhu umenewo wabwino ndi woipa afanana. Ana akabwera ndi bowa, mayi ayang'ane mmodzimmodzi asanalowe mumphika, nafunse mtengo umene anamuzula pansi pake. Pogula m'mbali mwa msewu, monga pa Lizulu, sankhani wathunthu, osati woduladula. Ndipo wina akadwala atadya bowa, musayembekeze kuti kuche. Pitani naye kuchipatala pamodzi ndi onse amene anadya mbale imodzi, ngakhale iwo asanamve kanthu, ndipo tengani zotsala za mumphika kapena za m'dengu kuti adokotala azione. Akaoneka ngati wachira, musafulumire kumtulutsa.

Inu amayi ndi agogo amene mudziwa mayina, musapite nokha kuthengo. Tengani ana aakazi ndi aamuna omwe, muwasonyeze chulu, mtengo ndi tsinde, kufikira atatchula okha dzina lililonse. Ndipo inu amene mwasamukira kudera lina, kapena mwakwatiwa kumapiri kuchokera kunyanja, musachite manyazi kufunsa eni dziko, pakuti safunsa anadya phula. Bowa amene palibe munthu wa pamudzi adziwa dzina lake, atsale pomwe wamera.