Anasiya sukulu ndi zaka 10, anakaphunzitsa ku Eton

Mu 1906 George Hirst, wosewera kiriketi wa timu ya Yorkshire kumpoto kwa England, anapeza marani 2,385 ndi kutulutsa omenya 208 m'nyengo imodzi. Papita zaka zoposa 100 ndipo palibe wina anacitakonso zimenezi.

Ambiri a ife kukomboni tinakulira pa bola ya cimpombwa, conco lekani ndifotokoze pang'ono. Pa kiriketi wina amaponya mpira kulinga pa timitengo titatu, wina amaima patsogolo pa timitengoto ndi thabwa kuti aumenye. Akaumenya amathamanga, ndipo akafika mbali ina ndiye kuti wapeza rani imodzi. Timitengo tikagwetsedwa, kapena mpira ukawakhidwa usanagwe pansi, womenya watuluka. Osewera ambiri amadziwa bwino nchito imodzi cabe. Amene amadziwa zonse ziwiri amamuchula all-rounder. Masiku amenewo, kupeza marani 1,000 ndi kutulutsa anthu 100 m'nyengo imodzi kunali kokwanira kuti munthu achuke. Hirst anacita zimenezo nyengo 14, ndipo mu 1906 anawirikiza zonse ziwiri.

Anabadwa mu 1871 m'mudzi wa Kirkheaton pafupi ndi Huddersfield, dera la mafakitale a nsalu. Ali ndi zaka 10 anasiya sukulu n'kuyamba kugwira nchito kwa woluka nsalu, kenako ku fakitale yonyika nsalu m'utoto. Anayamba kusewerera Yorkshire mu 1891. Anali kuponya ndi dzanja lamanzere, koma kumenya ndi lamanja. Atakhwima anaphunzira kukhotetsa mpira uli m'mwamba, moti womenya anali kuuyembekezera uku, iwo n'kumufikira uko. Mu 1905 anapeza marani 341 posewera ndi Leicestershire, ndipo mpaka lero palibe wosewera wa Yorkshire amene anapitirira pamenepo. Caka cotsatira, ku Bath, posewera ndi Somerset, anapeza 111 ndi 117, n'kutulutsanso anthu 11 m'masewera omwewo.

Ine ndimaphunzitsa, ndipo cimene cimandikhudza pa munthuyu ndi khomo limene anali kulowera. Kiriketi ya ku England inali yogawikana. Ana a olemera, amene anali kusewera osalandira malipiro, anali kuchedwa Gentlemen. Olipidwa ngati Hirst anali Players. Zipinda zovalira zinali zosiyana, ndipo pa mabwalo ena ngakhale zipata zolowera m'bwalo zinali ziwiri. Utsogoleri wa timu unali wa Gentlemen. Ku Yorkshire kaputeni anali Lord Hawke, munthu amene anathandizadi osewera ake mwa kuwakonzera malipiro a nyengo yozizira pamene kulibe masewera, koma dongosolo la zipata ziwiri linakhalabe. Linatha mu 1962, Hirst atamwalira kale.

Mu 1902, pa bwalo la The Oval ku London, England inafunika marani 263 kuti igonjetse Australia. Gilbert Jessop anamenya 104 mwaukali n'kutuluka. Patatsala marani 15, panatsalanso womenya mmodzi yekha woti alowe, Wilfred Rhodes, ndipo mnzake m'bwalo anali Hirst. Awiriwo anamaliza nchito modekha, Hirst ali ndi 58 osatuluka. Onse awiri anali olipidwa, ndipo onse awiri anali a ku Kirkheaton.

Pamenepa ndi pamene ndimaima ndikamasimbira ana a m'kalasi langa nkhaniyi. Temu iliyonse pamakhala dzina limene ndimaitana m'rejisita popanda woyankha. Mnyamata wayamba kukankha wilibala kumsika, wina ndi kondakitala pa minibasi, mtsikana akuthandiza amayi ake kugulitsa tomato. Sindifuna kuti otsalawo amve ngati ndikuti siyani sukulu mudzacita mwayi ngati Hirst. Ana zikwi zambiri analowa m'mafakitale a Yorkshire pa msinkhu womwewo, ndipo maina awo palibe amawadziwa. Ndimawauza kuti aone cimene mudzi uja unali naco. Kirkheaton inali ndi bwalo ndi kalabu ya kiriketi kumene mwana woweruka ku fakitale anali kupeza mpira ndi akuluakulu omuonetsa kagwiridwe kake. Kalabu imeneyo ndiyo inatulutsa Hirst ndi Rhodes, amene anatulutsa omenya oposa 4,000 pa moyo wake, kuposa wina aliyense m'mbiri ya masewerawa. Mudzi umodzi waung'ono sungabale anthu awiri otere mwangozi.

Bwalo limene ine ndinaphunzirira bola tsopano ndi mapuloti, pali mipanda ndi mashopu. Ana a kumeneko amasewera mumsewu, n'kumaimitsa masewera galimoto ikamadutsa. Mwa iwo muli ena a luso lalikulu, ndipo palibe malo amene wamkulu angaime n'kuwaona.

Hirst anasewerera England masewera 24 okha, ndipo kumeneko sanawale ngati mmene anawalira ku Yorkshire. Atasiya kusewera nthawi zonse, mu 1920, anakhala zaka 18 akuphunzitsa kiriketi pa Eton College, sukulu ya ana a mabwana imene yatulutsa nduna zazikulu zambiri za Britain. Anyamata amene tsiku lina adzalowera cipata ca Gentlemen anali kuphunzira kugwira thabwa kwa munthu amene anasiya sukulu ali ndi zaka 10. Anamwalira mu 1954 ali ndi zaka 82, ku Huddersfield, pafupi ndi mudzi umene anabadwira. Kalabu ya Kirkheaton ikali kusewera mpaka lero.