Kumapiri a Dowa ndi Ntchisi

Amene achoka ku Lilongwe kuloŵera kumpoto pa msewu wa M1, akangopitirira Lumbadzi amaona mapiri atandandalika kudzanja lamanja. Ambiri a ife timangowayang'ana pazenera la basi, osadziŵa kuti kuseri kwake kuli midzi yosaŵerengeka. Mwezi uno tiyeni tipatuke, tikwere nawo mapiriwo.

Kalembera wa chaka cha 2018 adapeza anthu 772,569 m'boma la Dowa, ndipo m'boma la Ntchisi adapeza 317,069. Zaka khumi zokha m'mbuyomo, mu 2008, a ku Ntchisi adali pafupifupi 225,000. Komatu nthaka siikula monga momwe banja likulira. Dowa ali ndi malo okwana pafupifupi masikweya kilomita 3,000, ndiye kuti pa sikweya kilomita iliyonse pakhala anthu ngati 250. N'chifukwa chake tikuona minda ya chimanga, soya, mtedza ndi fodya itakwera mpaka pamwamba pa zitunda pomwe makolo athu ankasiya mitengo.

Chodabwitsa china nchakuti boma la Dowa lenilenilo ndi laling'ono. Mu 2018 padali anthu ongopitirira 7,000, pamene pa Mponela padali oposa 24,000. Kusiyana kumeneku kwadza ndi msewu. Mponela ali m'mbali mwa M1, pomwe mabasi ndi malole opita ku Kasungu ndi Mzuzu adutsa usana ndi usiku. Malonda atsata magalimoto, anthu natsata malonda. Chimodzimodzinso Chezi ndi Mvera, pa msewu wa M14 wotsikira ku Salima. Ku Mvera kumeneku, m'dziko la Mfumu Chiwere, nkumene Abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok adamanga misasa mu 1889, atakwera wapansi kuchokera kunyanja, msewu kulibe.

Kufupi ndi boma la Dowa tifika pa Dzaleka, pomwe kale padali ndende ya andale. Mu 1994 padatsegulidwa msasa wa anthu othaŵa nkhondo, ndipo chiŵerengero chawo chidadzaposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Msasa umodzi udaposa Mponela kaŵiri!

Tikaloŵa m'boma la Ntchisi, kwa Kasakula ndi kwa Nthondo, dziko lisanduka la zitunda ndi zigwa zakuya. Nkhalango ya m'phiri la Ntchisi ikadali chiimire, ndipo m'menemo ndimo makolo ankabisala masiku a nkhondo za Angoni. Kukatenthaku mapiri omwewo, amene adapulumutsa agogo athu, ndiwo atsekereza adzukulu. Pachilimwe kabaza wa njinga yamoto afika pafupifupi mudzi uliwonse. Koma mvula ikagwa, dothi la katondo literera ngati therere, timilatho ta mitengo tikokoloka, ndipo galimoto libwerera panjira. Adanenadi akale kuti walira mvula walira matope.

Matopewo ali ndi mtengo wake. Mlimi amene sangathe kufikitsa soya wake ku Mponela agulitsa pakhomo kwa venda pa mtengo wolira nawo. Thumba la feteleza lifika kumudzi litakwera mtengo chifukwa cha ngolo kapena njinga. Mwana wa sekondale ayenda mtunda wautali mbandakucha. Choŵaŵa koposa ndi mayi woyembekezera amene matenda amuyamba usiku, chipatala chili kutsidya kwa mtsinje wosefukira.

Tsono inu makolo a kumapiri, musadikire dzinja. Amayi apite msanga kukadikirira kuchipatala masiku asanakwane. Ngalande za m'mbali mwa msewu wa kumudzi zilambulidwe mvula isanayambe, pakuti madzi osoŵa njira ndiwo akumba zigwembe. Ndipo inu achinyamata, bzalani mitengo ndi udzu wa vetiva m'malo otsetsereka, popeza phiri likakhala lambee, nthaka ndi msewu zikokolokera limodzi kunka kunyanja. Misewu ikuluikulu ndi ntchito ya boma, ndipo nkoyenera kukumbutsa makhansala ndi aphungu athu kosalekeza. Koma kanjira kochoka pakhomo kukafika kumsewuko nkathu tomwe.