Manda a Papepala

Mayi anga ankagwira ntchito m'nyumba ya mzungu pa famu ya fodya kufupi ndi Mvurwi, m'chigawo cha Mashonaland Central. Tsiku lina ndili mwana, nditatula nkhuni kukhitchini, ndinasuzumira pabalaza. Pakhoma panali chithunzi cha utoto wosungunula m'madzi: mwamuna ndi mkazi osemedwa pamwala atagona chagada m'tchalitchi, kagalu kali kumapazi. Mayi anandinong'oneza kuti amenewo anali manda a makolo a bwana ku England.

Nditakula ndinawerenga kuti luso limeneli n'lakale. Charles Stothard anayamba kusindikiza zithunzi za manda otere mu 1811, namwalira mu 1821 atagwa pamakwerero m'tchalitchi cha Bere Ferrers. Ojambulawo ankadziwa kuti mwala nawonso umaperepeseka, ndipo sunyamulika. Pepala limawoloka nyanja.

Bwanayo anali wobwera, ifenso obwera. Agogo anga aamuna anachoka ku Dedza kudzera ku Mthandizi, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za m'mafamu a Southern Rhodesia, ndipo kwawo ankawatcha mtchona. Atatisiya mu 1987, tinawaika kuseri kwa komboni, patsinde pa mkuyu. Gule wamkulu, amene Ashona amati zvigure, anawaperekeza. Pamtumbira tinavundikirapo mbale yawo yobowola.

Mafamu atayamba kulandidwa mu 2000, bwana anachoka chithunzi chake chili kukhwapa. Ife tinanyamula mphasa ndi mapoto, agogo anatsala.

Ndinabwererako mu 2018. Mkuyu unali utadulidwa, ponseponse pali chimanga. Mwini munda watsopano, bambo wachikulire wachishona, anavula chipewa nayenda nane m'mizere mpaka dzuwa kupendeka. Anandiuza kuti manda a makolo ake nawonso anatipulidwa pamalo omwewo, atsamunda atagawa dziko ndi lamulo la 1930. Mkwiyo umene ndinabwera nawo unasowa pofikira.

Nditafika kunyumba ndinabwereka utoto wa kusukulu wa mwana wanga, n'kujambula zimene ndinkakumbukira: mtumbira, mbale, mkuyu. Dzanja langa si la mmisiri, ndipo madzi anayenderera papepala. Mayi, omwe maso awo ayamba kuchita khungu, anachiyandikiza kunkhope kwa nthawi yaitali.

"Mwananga," iwo anatero, "mtengowu unali chakumutu. Ujambulenso ndikadali moyo."