Mzinda Umene Njinga Inalanda Msewu

Amayi anzanga, pali mawu akuti mwana wosayenda amati amake okha ndiwo amadziwa kuphika. Inenso ndinakula ndi maganizo akuti banja likatukuka, chizindikiro chake ndi galimoto pakhomo, ndipo kuti njinga yakapalasa ndi ya munthu amene zinthu sizinamuyenderebe. Lero ndafuna kuti ndikusimbireni za mzinda wina kumene ndinakakhalako miyezi itatu, umene unandisintha maganizo amenewa.

Mzindawo dzina lake ndi Groningen, ndipo uli kumpoto kwa dziko la Netherlands, limene ambiri timalitcha Holland. Chimene ndinapitira kumeneko ndi chikuta. Mwana wanga wamkazi, amene akukhala komweko ndi banja lake, anali atachira, ndipo monga mwa mwambo wathu ndinayenera kukamuthandiza.

Nditatsika ndege ku Schiphol ndinakwera sitima yapamtunda, ndipo ulendo wake unali wa maola awiri. Pa siteshoni ndinapeza apongozi anga akundidikira. Titalonjerana, ine maso anali kumsewu kufunafuna galimoto. Koma iwo ananditsogolera pa njinga ina yaitali, yokhala ndi bokosi lalikulu lamatabwa kutsogolo, naikamo masutikesi anga onse awiri. Anati, "Amayi, inu mukwere basi iyi ndi mdzukulu wanu, ine mundipeza kunyumba." Kunena zoona mtima wanga unawawa. Ndinati chamumtima, kodi mwana wanga anawolokera nyanja kudzavutika chotere? Koma titafika kunyumba tinapezadi apongoziwo atafika kale, katundu atalowetsa, madzi a tiyi ali pamoto.

Kuti mumvetse bwino, Groningen si mudzi ayi. Muli anthu pafupifupi 240,000, ndiye kuti ukulu wake sukusiyana kwenikweni ndi wa mzinda wa Mzuzu, umene pa kalembera wa 2018 unapezeka ndi anthu opitirira pang'ono 220,000. Muli yunivesite yakalekale imene inatsegulidwa mu 1614, chipatala chachikulu, ndi nsanja ya tchalitchi yotchedwa Martinitoren, yotalika mamita 97, imene imaonekera kutali. Dziko lake ndi lachidikha ngati kuchigwa cha Shire, lopanda phiri ngakhale chulu, ndipo pakati pa mzinda pamazungulira ngalande za madzi. Mumzinda wotere, pa maulendo khumi alionse amene anthu amayenda, pafupifupi asanu ndi limodzi amayenda pa njinga. M'dziko lonselo njinga n'zochuluka kuposa anthu. Kutsogolo kwa siteshoni kuli malo apansi oimikako njinga zikwizikwi, moti ukapanda kusunga bwino m'mutu pamene waimika yako, ukhoza kuifuna mpaka dzuwa kulowa.

Chimene chinandidabwitsa koposa ndi anthu ake opalasa njingazo. Ndinaona madokotala ndi aphunzitsi, abambo a masuti ndi amayi ovala bwino, nkhalamba zaimvi mbuu ndi tiana ta sukulu. Namwino amene ankabwera kunyumba masiku oyambirira kudzaona mayi ndi khanda, monga amachitira kumeneko, ankabweranso pa njinga, chikwama chake atamangirira pa keliyala. Palibe amene amayang'ana mnzake ndi diso lachipongwe chifukwa cha njinga.

Njinga imene amayi ambiri amakwera amaitcha omafiets, kutanthauza njinga ya agogo aakazi. Ilibe mtanda uja wapakati umene umatikakamiza kuponya mwendo m'mwamba. Tcheni chake n'chotsekeredwa, ndipo zambiri zili ndi chotchinga m'mbali mwa gudumu lam'mbuyo kuti chovala chisakodwe m'masipoko. Munthu amakhala pachishalo mowongoka, ngati wakhala pampando wa m'tchalitchi. Choncho mayi akhoza kukwera atavala diresi lalitali kapena chitenje popanda kuchita manyazi. Ija ya bokosi amaitcha bakfiets, ndipo m'bokosimo mumakwana ana awiri kapena atatu pamodzi ndi ndiwo za sabata yonse.

Mwana wanga atapeza mphamvu, ndinaona mmene tsiku lake limayendera. M'mawa amaperekeza mwana wamkulu kusukulu, aliyense pa njinga yake, dzanja la mayi lili paphewa la mwanayo. Akatero amadzera ku msika wa Vismarkt, umene umakhalapo Lachiwiri, Lachisanu ndi Loweruka, kukagula nsomba, mbatata ndi masamba, ndipo ora lisanathe amakhala atabwerera. Sadikira kuti bambo aweruke kuntchito kuti amunyamule, sapempha ya mafuta, ndiponso saima padzuwa kudikira kuti minibasi idzaze. Tsiku lina anandiuza kuti, "Amayi, ndalama imene tikanathira mafuta ndi kukonzetsera galimoto ndi imene tinakugulirani tikiti ya ndege." Pamenepo ndinasowa choyankha.

Tsono musaganize kuti anthu amenewa anabadwa otero. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, chuma chitayamba kukwera, iwonso anathamangira magalimoto monga tikuchitira ife lero. Anakulitsa misewu, ndipo mabwalo a misika anawasandutsa poimika magalimoto. Koma walira mvula walira matope. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, anthu opitirira 3,000 ankafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse m'dzikomo, ndipo mwa iwo ana anali opitirira 400. Mtolankhani wina, Vic Langenhoff, mwana wake atagundidwa ndi galimoto n'kumwalira, analemba nkhani ya mutu wakuti "Stop de Kindermoord", kutanthauza kuti lekani kupha ana. Mawu amenewa anasanduka dzina la gulu la makolo, ndipo amene analitsogolera poyamba anali mayi wachitsikana, Maartje van Putten. Amayi ndi ana awo ankatseka misewu, ena n'kuyala matebulo pakati pa msewu, kufuna kuti akuluakulu a boma amve. Kenaka mu 1973 mafuta anasowa, ndipo boma linaletsa magalimoto kuyenda Lamulungu kwa masabata angapo. Anthu anakumbukira mmene msewu wopanda phokoso umakomera.

Ku Groningen, khonsolo ya mzinda inali ndi atsogoleri achinyamata, ndipo mmodzi mwa iwo anali Max van den Berg. Iwo anagawa pakati pa mzinda m'zigawo zinayi, monga mayi agawira chigumu. Anakhazikitsa lamulo lakuti galimoto ikalowa m'chigawo chimodzi isadutse kupita m'chinzake. Iyenera kutuluka, kuzungulira pa msewu wa m'mphepete, ndi kukalowera kwina. Koma woyenda pansi ndi wapanjinga ankaloledwa kudutsa molunjika. Eni masitolo anakwiya kwambiri, poopa kuti makasitomala awathawa. Komabe mu Sepitembala 1977, usiku umodzi wokha, zikwangwani zonse za m'misewu zinasinthidwa, ndipo kutacha oyendetsa magalimoto analandiridwa ndi maluwa ndi timapepala tofotokoza njira zatsopano. Masitolo aja sanafe. Vismarkt, pamene mwana wanga amagula nsomba lero, panali poimika magalimoto, ndipo panabwereranso kukhala msika.

Mwaona nzeru yake, amayi? Sanalande munthu galimoto yake, ndiponso sanalalikire anthu kuti azikonda njinga. Anangochititsa kuti njira ya njinga ikhale yaifupi ndi yosaopsa, ndipo anthu anasankha okha. Lero m'mbali mwa misewu ikuluikulu muli njira za njinga zokhazokha, zambiri za phula lofiira, zolekanitsidwa ndi magalimoto. Pa mphambano zina maloboti amaimitsa magalimoto onse, n'kulola njinga za mbali zonse zinayi kudutsa nthawi imodzi. Tsiku loyamba kuona zimenezi ndinatsinzina poyembekeza ngozi, koma iwo amangoyang'anana m'maso n'kupatsana mpata. Lamulo la dzikolo nalonso limateteza wofooka. Galimoto ikagundana ndi njinga, kawirikawiri mbali ya galimoto imalipira theka kapena kuposerapo la zowonongeka ngakhale wanjingayo atalakwitsa, ndipo ngati wogundidwayo ndi mwana wosakwana zaka 14, kawirikawiri imalipira zonse. Ana ambiri asanamalize sukulu ya pulayimale amayesedwa mayeso a malamulo a pamsewu.

Sindikufuna kukunamizani kuti kumeneko n'kumwamba. Mvula imagwa nyengo iliyonse, ndipo mphepo yochokera kunyanja imakankha munthu pachifuwa ngati akukwera chitunda. Akuba njinga aliko ambiri, moti njinga imakhomedwa ndi maloko awiri. Ngozi nazo sizinatheretu. Mu 2022 anthu apanjinga pafupifupi 290 anafa m'misewu ya dzikolo, ndipo ambiri mwa iwo anali okalamba. Mlendo woyenda pansi ayeneranso kusamala, chifukwa ukangoima pa phula lofiira lija uli kuyang'ana nsanja, mabelu amakulirira mbali zonse. Ine zinandichitikira kangapo konse.

Tsopano ndiulule za ine mwini. Pamene ndinali mtsikana, bambo anga anali ndi njinga ya Humber imene ankaipukuta Loweruka lililonse. Alongo anga onse anaphunzirira pa njinga imeneyo, koma ine azakhali anandiletsa, amvekere mtsikana wopalasa njinga alibe mwambo. Ndinakula, ndinakwatiwa, ndinabereka ana, ndili wongokwezedwa pa keliyala. Ndiye tsiku lina mdzukulu wanga wa zaka zisanu ndi ziwiri anandifunsa kuti, "Agogo, kodi njinga yanu munaisiya ku Malawi?" Nditamuuza kuti sindidziwa kupalasa, anandiyang'ana ngati ndamuuza kuti sindidziwa kuyenda.

M'mawa mwake tinapita ku paki yotchedwa Noorderplantsoen. Mwana wanga anatsitsa chishalo kuti mapazi anga azifika pansi, nandiuza kuti ndiyambe ndi kudzikankha ndi mapazi osagwiritsa zopondera. Tsiku loyamba ndinagwera pa kapinga kawiri, chigongono chinasupuka, ndipo ndinalumbira kuti sindidzayesanso. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku lachisanu ndinamva mdzukulu akufuula kumbuyo kuti, "Agogo, amama akusiyani kalekale!" Ndinali ndikupalasa ndekha. Sabata yomaliza ndisanabwerere kumudzi ndinapita ndekha ku msika, ndinagula nsomba, n'kubwerera. Chimwemwe chimene ndinali nacho tsiku limenelo ndi chimene ndinachimva pamene ndinalandira malipiro anga oyamba.

Nditabwerera kuno kwathu ndinayamba kuona zimene kale sindinkaziona. Njinga ife tili nazo kale. Ndi njinga imene imapititsa chimanga kuchigayo, imabweretsa makala ndi nkhuni m'tauni, ndipo anyamata a kabaza amadyetsera mabanja awo. M'midzi ina mayi wodwala amafika kuchipatala pa ambulansi yokokedwa ndi njinga. Chimene tilibe ndi malo a njingayo pamsewu, ndi ulemu kwa woikwera. Taonani mmene wanjinga amathawira kutchire lole ikaliza hutala, ndi mmene ana athu amayendera m'mphepete mwa phula lodyeka popita kusukulu. Ndikudziwa kuti Blantyre ndi Zomba ndi kwa zitunda, ndiponso kuti dzuwa la mu Okutobala si la masewera. Koma Salima, Karonga, Balaka, Nsanje ndi madera ambiri a Lilongwe ndi kwachidikha, ndipo matauni athu akukula tsopano lino. Msewu umene ukumangidwa lero wopanda njira ya njinga ndi ya oyenda pansi, adzukulu athu adzavutika nawo zaka makumi ambiri.

Tsono pempho langa kwa inu ndi ili. Ngati pakhomo pali njinga, mwana wamkazi aphunzire pamodzi ndi alongo ake, chifukwa mtsikana amene sukulu ili kutali amafika msanga ndi kubwerera kusanade. Pogula njinga yatsopano, kambiranani ndi bambo a kunyumba kuti mugule yopanda mtanda, imene nonse mukhoza kukwera. Onetsetsani kuti mabuleki akugwira, belu likulira, ndiponso kuti ili ndi nyale ndi zonyezimira za usiku. Ndipo pamene mwamva kuti msewu wa kwanu ukonzedwa, musasiyire abambo okha msonkhano wa chitukuko. Pitani ndi anzanu a kumpingo ndi a kubanki m'khonde, mukafunse a khansala ndi mafumu kuti kodi mwana wa sukulu ndi mayi wanjinga adzadutsa pati. Mutu umodzi susenza denga. Ku Netherlands nkhani imeneyi inayamba ndi makolo amene anatopa ndi maliro a ana awo, ndipo ife tisadikire kuti tifike pamenepo.

Ine tsopano ndili ndi njinga yangayanga, ndipo Lachinayi lililonse ndimapita nayo kumsonkhano wa amayi. Poyamba anansi ankaseka. Pano amayi awiri a pafupi ndi kwathu abwera kale kudzandipempha kuti ndiwaphunzitse, ndipo tikuyamba Loweruka likudzali pa bwalo la sukulu.